Vape ikungodula yokha: vuto ndi batire kapena koyilo?

Dandaulo lake limafanana pafupifupi kwa aliyense. Mwatchaja batire usiku wonse, m'mawa vape ikukoka bwinobwino, koma dzuwa likamafika pamutu nthunzi yayamba kuchepa. Mukadina batani, mod, chibokosi cha vape chokhala ndi batire ndi sikirini, ikudula musanamalize kukoka, kenako pa sikirini pakubwera mawu oti "Weak Battery" kapena "Temp Protect". Tsiku lina zimatembenuka: m'malo mochepa mphamvu, kukhosi kukumveka thonje lopserera, chonsecho munagula mod ya TC (temperature control, yoletsa kutentha kupitirira madigiri amene mwaika) kuti zimenezi zisamachitike. Apa wina amathamangira kukagula batire lina, wina amataya koyilo yabwinobwino (waya wopota wokhala ndi thonje, umene umatenthetsa madzi a vape), ndipo ambiri amangobwerera ku ma watt, kumene mod imangopereka mphamvu osayang'ana kutentha, n'kumauza anzawo kuti TC ndi bodza la amalonda. Ndalama zapita, vuto likadali pomwepo.

Chosokoneza n'chakuti pali matenda awiri osiyana amene zizindikiro zake zimafanana. Batire lotopa limapereka nthunzi yochepa. Koyilo imene mod yaiwerenga molakwika imaperekanso nthunzi yochepa. Mukamasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ngakhale vuto lithe simudziwa chimene chalithetsa, ndipo sabata yamawa libweranso. Yezani chimodzichimodzi.

Ndikulembera akuluakulu amene ali kale ndi zipangizozi, makamaka amene anazitenga pofuna kusiya ndudu. Nikotini amazolowereka msanga ndipo kumusiya n'kovuta. Ngati simusuta, musayambe. Ana ndi amayi oyembekezera asayandikire n'komwe, ndipo botolo la madzi a vape lizikhala pamene mwana sangafike, chifukwa akamwa ndi poizoni.

Poyambira

Musanatsegule chilichonse, chotsani mod pa TC muiike pa ma watt wamba, pamlingo wapakati, monga 25 kapena 30. Izi chitani pokhapokha ngati koyilo yanu ndi ya waya wa mtundu wa SS316L. Ngati ndi ya Ni200 kapena titanium musayese, m'malo mwake vekani thanki ina (chosungira madzi a vape ndi koyilo) yokhala ndi koyilo ya waya wa Kanthal. Ikamakoka mwamphamvu osadula, batire lanu mwina lilibe mlandu, vuto lili ku TC. Ikapitiriza kudula kapena kulemba "Weak Battery" pomwe chizindikiro chikusonyeza theka, bwerekani batire labwino kwa mnzanu muyesenso. Mphindi zisanu zimenezi zikuuzani mbali yoti muyang'ane. Ngakhale zili choncho, batire liyezeni ndithu, chifukwa pa zinthu ziwirizi ndi lokhalo limene lingakuwotcheni ntchafu.

Manambala a pa batire

Ma mod ambiri amalowa batire la 18650, la mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali. Ena amalowa la 21700, lokulirapo. Likadzaza limafika pa 4.2 volt. Opanga amaliyeza mpaka litatsika pa 2.5, koma ma mod ambiri amakana kuwotcha likafika cha m'ma 3.2.

Pali manambala awiri amene anthu amawasokoneza: mAh ndi ma amp. Ganizirani mgolo wa madzi wokhala ndi mpopi. mAh ndi kukula kwa mgolowo, ma amp ndi kukula kwa mpopi wake. Tochi imakondwa ndi mgolo waukulu ngakhale mpopi uzingodontheza. Vape imafuna madzi ambiri nthawi imodzi, kwa masekondi atatu kapena anayi. Ndipo pa msinkhu wa 18650 simungapeze zonse ziwiri zitakwera: mabatire a 3500 mAh amangopereka ma amp pafupifupi 10, pomwe opereka ma amp ambiri amakhala pakati pa 2500 ndi 3000 mAh. Samsung 25R ndi la 2500 mAh ndi ma amp 20. Samsung 30Q ndi la 3000 mAh ndi ma amp 15. LG HG2 ndi VTC6 nawonso ndi a 3000 mAh. Pa 21700, Molicel P42A ndi la 4200 mAh.

Ndiye mukaona batire la 18650 lolembedwa 6800 kapena 9900 mAh, ngati amene amayalidwa pamabenchi ogulitsira matochi ndi mawayilesi kumsika, dziwani kuti nambalayo ndi yabodza. Wogulitsayo mwina sakudziwa n'komwe, naye anapikula choncho. Liikeni pa sikelo yaing'ono ya kukhitchini: lenileni limalemera magalamu 43 mpaka 48, pomwe ambiri achinyengo amapepuka moti ndi dzanja lomwe mumamva. Palinso mabatire ochotsedwa m'malaputopu akufa. Ambiri mwa amenewa anapangidwa ndi makampani odziwika, koma anapangidwira kupereka ma amp ochepa, ndiponso agwira kale ntchito zaka. M'tochi ali bwino. Mu mod ya ma watt 60 amatentha, ndipo kutentha kumeneko ndi kumene kumaphulitsa batire.

Kuti mudziwe ma amp amene mod yanu ikukoka, gawani ma watt ndi 3.2, kenako mugawenso ndi 0.9 powerengera mphamvu yotayika m'bodi. Ma watt 40 akupatsani ma amp pafupifupi 14, ma watt 60 akupatsani pafupifupi 21. Choncho batire limodzi la ma amp 20 malire ake ndi ma watt pafupifupi 57, ngakhale pa bokosi la mod atalemba 80 kapena 100. Ngati mod yanu imalowa mabatire awiri, gawani ma watt pawiri musanawerengere.

Chifukwa chimene "Weak Battery" imabwerera batire lili theka chili apa. Batire lililonse limatsika ma volt pamene likukokedwa mphamvu, n'kubwereranso mukasiya batani. Latsopano, lokhala ndi resistance ya mkati (kukaniza moto kudutsa, kumene kumayezedwa mu ma ohm) pafupifupi 0.02 ohm, likamakokedwa ma amp 15 limatsika ndi 0.3 volt: kuchoka pa 3.8 kufika pa 3.5, mod n'kupitiriza kuwotcha. Lokalamba, limene resistance yake yafika 0.04, limatsika ndi 0.6: kuchoka pa 3.8 pomwepo kufika pa 3.2, mod n'kudula. Mukasiya batani likubwerera pa 3.8, sikirini n'kumaonetsa theka ngati palibe chachitika. Litsiro la pa tizitsulo tokhudza batire mkati mwa mod limachitanso chimodzimodzi, choncho pukutani pamenepo musanaweruze batire.

Kuyeza mAh zenizeni

Tchaja wamba siyeza mAh. Ngakhale ija yokhala ndi sikirini, nambala imene imaonetsa potchaja ndi ya mphamvu imene yalowa kuchokera pamene batire linali. Mukaliika lili theka, ikuuzani theka. Chofunika ndi tchaja yodziwa kudzaza batire, kulikhuthula pang'onopang'ono ikuwerengera, kenako kulidzazanso. LiitoKala Lii-500, Opus BT-C3100 ndi XTAR VC4SL zimachita zimenezi. Ngati simukuipeza m'mashopu a mu Lilongwe muno, itanitsani kudzera kwa amene amapita ku Joni, kapena sonkheranani anthu atatu mugule imodzi. Si chinthu chofunika tsiku ndi tsiku, kamodzi pa miyezi itatu n'kokwanira.

Pa Lii-500 sankhani "NOR TEST", osati "FAST TEST", chifukwa yoyambayo ndi imene imawerengera mphamvu yotuluka m'batire lodzaza. Konzekerani kudikira. Batire la 3000 mAh lokhuthulidwa pa 500 mA limatenga maola 6, osawerengera kudzaza kwa poyamba ndi kwa pomaliza, ndiye ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Apa ndi pamene kuzimazima kwa magetsi kumativuta, chifukwa akazima pakati tchaja imaiwala zonse n'kuyambiranso. Yambani magetsi akangobwera kumene, kapena lumikizani ku inverter ya sola ngati muli nayo. VC4SL imalandira moto wa USB, choncho power bank yaikulu ingathe kuiyendetsa. Tchajayo ikhale pa simenti kapena pa matailosi, kutali ndi makatani, osati pa matiresi kapena pa sofa, ndipo tsiku limenelo pakhomo pakhale munthu.

Nambala ikatuluka, musadabwe kuona yotsikirapo pang'ono kuposa yolembedwa. Matchaja ambiri oterewa amasiya kukhuthula cha m'ma 2.8 volt, osafika pa 2.5 pamene opanga amayezera. Batire latsopano la 3000 likapereka 2800 kapena 2900 lili bwino. Likatsika kufika pa magawo 80 pa 100 a mphamvu yake yoyamba, kutanthauza 2400 pa batire la 3000 kapena 2000 pa la 2500, lipumitseni ku vape. Likapereka 900 chonsecho ndi latsopano, munagula lachinyengo, musaliikenso mu mod ngakhale kamodzi.

Matchaja amenewa amaonetsanso resistance ya mkati, koma nambalayo imasinthasintha malinga ndi mmene batire lakhalira pa tizitsulo take. Musaitenge ngati yeniyeni. Ubwino wake ndi poyerekeza: batire lomwelo, malo omwewo a tchaja, miyezi itatu yapitayo ndi lero. Ikawirikiza kawiri, batire lakalamba, ngakhale mAh zioneke zabwino. Tengani cholembera chosafufutika mulembe pa chikopa cha batire mwezi umene mwayeza ndi nambala imene yatuluka, popeza mabatire amafanana ndipo kuiwala sikuchedwa.

Ngati tchaja yotere palibe, multimeter ya okonza mawayilesi ikuthandizani pang'ono. Dzazani batire, yezani: lizisonyeza pakati pa 4.15 ndi 4.2. Liikeni m'kabokosi kake kwa sabata imodzi osaligwiritsa ntchito, muyezenso. Labwino limangotsika pang'ono zedi. Likatsika kufika pansi pa 4.0 likutaya moto lokha, ndipo mkati mwake muli vuto. Limene mwalipeza m'dirowa likusonyeza pansi pa 2.5, musalimbane nalo kulidzutsa.

Nthawi zina batire limakhala lilibe vuto, koma mwini wake akuyembekezera zosatheka. Batire la 3000 mAh pa 3.6 volt lili ndi ma watt-hour 10.8. Pa ma watt 40 zimenezi ndi mphindi 16 zokha zowotcha. Mukamakoka masekondi atatu nthawi iliyonse, papepala ndi maulendo 320, ndipo kwenikweni sakwana chifukwa cha mphamvu yotayika komanso kudula msanga kwa mod. Amene amakoka pafupipafupi batire likamuthera masana, si matenda. Akufunika lachiwiri, m'kabokosi kake.

Kabokosi kameneka ndikukatchula dala. Tengani batire lanu muime nalo pafupi ndi zenera, mulizungulize pang'onopang'ono mukuyang'ana paphewa pake, pamene chikopa cha pulasitiki chimapindikira kumutu. Pamenepo ndi pamene pamayamba kung'ambika, kang'alu kakang'ono ngati chikhadabo chadinda, chitsulo chowala n'kumasuzumira. Pansi pa chikopacho thupi lonse la batire ndi negative. Positive ndi kachipewa ka pamwamba kokha, ndipo cholekanitsa ziwirizi ndi kamphete kopyapyala kamene kali pamutupo. Kiyi wa pakhomo kapena ndalama yachitsulo ikakhudza pong'ambikapo ndi kachipewa nthawi imodzi, muli wothinikizidwa mu minibasi ya ku Area 25 kapena mwakwera kabaza, batire limayaka m'thumba momwemo ndipo mulibe nthawi yolitulutsa. Chikopa chong'ambika chimasinthidwa ndi china chatsopano chimene chimakhwinyata ndi mpweya wotentha. Tepi wakuda wa amagetsi sathandiza, amasuntha kukatentha ndipo amathinitsa batire mu mod. Batire lophwanyika, la dzimbiri kapena lotupa lilibe kukonza. Matani tepi mbali zonse ziwiri mulisunge padera, ndipo chonde lisapite kudzala kumene timatentha zinyalala, chifukwa pamoto limaphulika ndipo ana amakonda kusewera pafupi. Musasiyenso mod kapena batire m'galimoto yotseka padzuwa la Okutobala.

A ma mod a mabatire awiri: agulidwe limodzi, azitchajidwa limodzi, azigwira ntchito limodzi. Lina likafooka, onse awiri apume. Kuphatikiza latsopano ndi lakale kumachititsa mod kudula potsatira lofookalo.

Mbali ya TC

Mkati mwa thanki mulibe choyezera kutentha. Ichi ndi chimene ambiri sanauzidwe pogula, ndipo mavuto ambiri a TC amachokera pamenepa. Njirayi inatchuka mu 2014 ndi bodi ya DNA40 ya kampani ya Evolv, ndipo mpaka lero imadalira chinthu chimodzi: mawaya ena akatentha, ma ohm awo amakwera pa mlingo wodziwika. Mod imawerenga ma ohm a koyilo ili yozizira, kenako pamene mukukoka imaona mmene akwerera, n'kuwerengera kutentha. Ikaona kuti zafika pa madigiri amene munaika, imachepetsa mphamvu. Mlingo wa kakweredweko umatchedwa TCR, ndipo waya uliwonse uli ndi wake.

Taonani kuchepa kwa manambala amene mod ikudalira. Koyilo ya SS316L ya 0.30 ohm, TCR yake 0.00092, ikatentha kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 220 imangokwera kufika pa 0.355 ohm. Madigiri 200 onsewo akubisala mu 0.055 ohm. Ndiye kuti mod ikalakwitsa ndi 0.01 ohm yokha, yasochera ndi madigiri pafupifupi 36. Pa koyilo ya 0.15 ohm, kulakwitsa komweko ndi madigiri oposa 70. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti pa SS316L muzipanga kapena kugula koyilo ya 0.3 ohm kupita m'mwamba, makamaka ngati mod yanu imangoonetsa manambala awiri pambuyo pa kadontho.

Kulakwitsaku kumapita mbali ziwiri. Mod ikawerenga ma ohm oyambira okwera kuposa enieni, imaganiza kuti koyilo ikadali yozizira pomwe yatentha kale, ndipo thonje limapsa. Ikawerenga otsika, kapena ma ohm akakwera pambuyo pake chifukwa cha sikuluwu yomasuka, imaganiza kuti koyilo yatentha pomwe isanatenthe, ndipo imadula mukangodina. Mukasunga zimenezi m'mutu, chizindikiro chokha chikuuzani mbali imene nambala yasochera.

Choncho kuwerengetsa ma ohm oyambira kuchitike modekha. Masulani thanki, muiike pa tebulo pamodzi ndi mod, m'nyumba, pamthunzi, kwa mphindi 15 kapena 20. Musaitulutse m'thumba la thalauza n'kuyezeratu, ikadali ndi kutentha kwa thupi. Dinani batani thanki palibe kuti mod ilembe "Check Atomizer" n'kuiwala nambala yakale. Vekani thanki, mumange bwino koma osakakamiza. Ikafunsa "New Coil", vomerani. Kenako lokani nambalayo, nthawi zambiri pamaoneka kachizindikiro ka loko. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi 20 zimenezi ndi zimene anthu ambiri amazidumpha. Amaveka koyilo yatsopano, amakoka kawiri pa ma watt kuti aone ngati ikugwira, kenako amasinthira ku TC n'kuloka pomwepo koyilo ikadali ya madigiri 60. Kuyambira pamenepo mod ikuwotcha ndi madigiri 40 pamwamba pa amene akuoneka pa sikirini.

Nyengo yathu imalowererapo. Ma mod ambiri amangotenga kuti pamene mukuloka, kutentha kuli pafupifupi madigiri 20. M'mawa wa Juni kapena Julaye kuno kumatha kuzizira mpaka pansi pa madigiri 10, pomwe masana a Okutobala ndi Novembala amapitirira 30. Mukaloka m'bandakucha wa Juni, vape izikoka mofookerapo. Mukaloka masana a chilimwe pakhonde la malata, izikoka motenthera. Kusiyanaku si kwakukulu ngati kwa koyilo yofunda, koma kumamveka. M'chilimwe lokani m'mawa kapena madzulo, m'nyengo yozizira lokani masana.

Fumbi ndiye limandidetsa nkhawa kuposa nyengo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, aliyense woyenda m'misewu ya dothi ya m'makwalala athu amadziwa mmene limalowera paliponse. Masulani thanki muyang'ane m'kadzenje ka pamwamba pa mod, pamene thanki imamangidwa. Pakati pali kapini ka mtundu wa golide. Nthawi zambiri mupeza kazunguliridwa ndi phala lofiirira lomata, madzi a vape amene anadontha osakanikirana ndi fumbi, ndipo m'mizere ya sikuluwu muli kakuda. Phala limenelo ndi lokwanira kusuntha ma ohm ndi 0.01 kapena 0.02 nthawi iliyonse mukamanga thanki. Chotsani batire, nyowetsani kathonje ka m'makutu ndi sipiriti, pukutani kapiniko, mizereyo ndiponso pansi pa thanki, mpaka kathonje kazituluka koyera. Dikirani paume. Kenako dinani kapiniko ndi kamtengo kotokosera m'mano: kazilowa pang'ono n'kubwerera kokha. Mukatero vekani ndi kumasula thanki katatu mukuyang'ana nambala. Ikamatuluka imodzimodzi, pamenepo mwakonza.

Amene amapanga okha makoyilo ayang'anenso masikuluwu ogwira miyendo ya koyilo. Waya ukatentha ndi kuzizira kangapo, sikuluwu imamasuka pang'ono. Mangitsaninso tsiku lotsatira, mudikire izizire, mulokenso.

Waya ndi nambala yake

Kanthal ndi Ni80 sagwira pa TC, chifukwa ma ohm awo sasuntha mokwanira kuti mod iwerengere. Makoyilo ambiri ogula opangiratu, makamaka a mesh, ndi a mawaya awiriwa. Mukaika yotere pa TC, mod yabwino imadzibweza yokha ku ma watt, ndipo anthu amaganiza kuti yawonongeka. Werengani zolembedwa m'mbali mwa koyilo kapena pa paketi. Ngati palibe SS, Ni200 kapena Ti, TC isiyeni.

TCR ya Ni200 ndi pafupifupi 0.006, ya titanium ndi pafupifupi 0.0035, ya SS316L ndi pakati pa 0.00088 ndi 0.00092. Ma mod amalemba manambalawa mosiyana, ina 92, ina 0092, choncho onani kabuku ka mod yanu. Mukaika TCR yokwera kuposa ya waya wanu, koyilo imatentha kwambiri. Mukaika yotsika, imadula msanga. Koyilo ya SS316L pa malo a Ni imapsereza thonje kapena kubwezedwa ku ma watt, pomwe ya Ni200 pa malo a SS siitulutsa nthunzi n'komwe. Ni200 ndi titanium ndi za TC yokha, ndipo musaziwotche zouma mpaka kufiira monga anthu amachitira ndi Kanthal pofuna kuyeretsa. Pa mawaya atatuwa ine ndimasankha SS316L, chifukwa TC ikavuta muli panjira mungathe kusinthira ku ma watt n'kupitiriza. Popota koyilo siyani mpata pakati pa mizere, isagundane. Mod imawerengera kutentha kwa waya wonse pamodzi, ndiye pakakhala malo amodzi ogundana amene akutentha kuposa ena, siiwaona. Makoyilo opota mawaya awiri osiyana, monga SS mkati ndi Ni80 kunja, amasokonezanso kuwerengera.

Za madigiri, yambani pa 200 muzikwera ndi 5 mpaka mutapeza pokukomerani. Ambiri amaima pakati pa 200 ndi 240. Madzi a vape amasakaniza zinthu ziwiri, PG ndi VG: PG imawira pa madigiri 188, VG pa 290, choncho madzi okhala ndi VG yambiri amafuna kukwezako pang'ono. Yang'anitsitsani ngati sikirini ikulemba C kapena F. Munthu akaika 220 poganiza kuti ndi C pomwe mod ili pa F, waika madigiri 104 okha, ndipo nthunzi sangaione. Pa F, nambala yofanana ndi 215 ndi 420.

Pa TC palinso ma watt, ndipo ntchito yawo ndi kufulumizitsa koyilo kufika pa madigiri amene mwaika. Akachepa, koyilo siifika ndipo vape imakhala yozizira. Akachuluka, imafika m'kanthawi kochepa n'kudula mwadzidzidzi, komanso kukoka kwamphamvu kwa poyambako ndi kumene kumagwetsa batire lotopa mpaka kulemba "Weak Battery". Apa ndi pamene matenda awiri aja amakumana. Ikani ma watt ofanana ndi amene mukanagwiritsa ntchito pa koyilo yomweyo popanda TC, kapena okwererapo pang'ono. Ena amaika 80 pa batire limodzi poganiza kuti TC iteteza zonse, koma TC imateteza thonje, osati batire.

Ngati muli ndi thanki yopanga nokha koyilo, mungathe kuyesa ngati zonse zagwirizana. Ikani thonje louma, mod pa madigiri 215, ma watt ochepa, mudine kwa masekondi asanu. Tulutsani thonjelo. Likhale loyera kapena lofiirira pang'ono chabe. Likada, ma ohm oyambira kapena TCR zakwera. Mukatha, ikani thonje latsopano.

Mawu oti "Temp Protect" paokha si vuto. Akamabwera kumapeto kwa kukoka kwakutali, kapena thanki ikatsala pang'ono kuuma, mod ikuchita ntchito imene munaigulira. Vuto ndi pamene akubwera mukangodina. Zikatero ndipo manambala onse ali bwino, yang'anani thonje, chifukwa koyilo yosalandira madzi okwanira imatenthadi msanga ndipo mod ikunena zoona. Thonje lothina kwambiri m'koyilo kapena lochuluka m'timabowo limatseka njira. M'miyezi yozizira madzi a VG yambiri amalimba n'kumayenda pang'onopang'ono, ndiye fumbatani thanki m'manja kwa kanthawi ndipo muzipumira pakati pa kukoka. Madzi otsekemera kwambiri amasiya chikhungwa chakuda pa waya m'masiku ochepa, ndipo chikhungwacho chimatchinga madzi kufika pa waya. Koyilo yotere ya SS316L itsukeni ndi madzi ndi kaburashi mutachotsa thonje, yogula yopangiratu ingosinthani.

Zonsezi zikachitika, batire layezedwa ndipo lili bwino, kapini n'koyera, mathanki awiri osiyana ayesedwa, koma ma ohm akudumphabe mukagwedeza thanki ndi chala, vuto lili mkati mwa mod. Kawirikawiri ndi waya wolumikiza kapini ku bodi amene wamasuka mod itagwa, kapena madzi amene analowa. Wokonza mafoni wodziwa kuwotcherera angathe kulumikizanso. Chotsani batire musanamupatse, ndipo ngati mod yanu ndi ya batire lomangidwira mkati, muuzeni asanatsegule kuti asaliboole ndi sikuludiraiva. Mod imene ikuwotcha yokha osadina batani, kapena imene ikutentha ili chikhalire pa tebulo, musaikonzetse. Chotsani batire nthawi yomweyo, ndipo mod imeneyo isadzalandirenso lina.